Mpando wa pa Maliro

Panali mayi wina wokalamba, dzina lake Nagama, amene kwa zaka makumi anayi sanajombepo pa maliro a m'mudzi mwawo. Iye ndiye ankasambitsa mitembo ya akazi, ndipo iye yemweyo ndiye ankayambitsa nyimbo pasiwa.

Ukalamba utafika, nyamakazi inamugwira m'mawondo. Zala zinapindika, msana unawerama. Tsiku lina, podzuka pamphasa, anatsamira dzanja pansi monga ankachitira masiku onse, ndipo mkono unathyoka. Kuchipatala dokotala anati, "Mayi, mafupa anu afumbwa ngati chimanga cholowa anankafumbwe. Kunja akuoneka athunthu, koma mkati ndi ofooka. Lekani kukhala pansi. Chiuno chikadzathyoka podzuka, mwina simudzayendanso."

Koma pa maliro akazi amakhala pansi atatambalala, ndipo mipando ndi ya amuna. Motero Nagama anayamba kutsala kunyumba. Maliro atatu anamudutsa. Anthu anati walowa matama, ndipo mawu anamupeza akuti, "Wosalira anzake adzadzikumbira yekha manda."

Kenaka anamwalira mnzake wapamtima, amene anavinidwa naye limodzi chinamwali. Nagama anatenga ndodo yake n'kuuyamba ulendo, pang'onopang'ono, napumula kawiri panjira. Atafika, anayang'ana mphasa za akazi, anayang'ananso mawondo ake otupa. Ndipo anadutsa pakati pa bwalo, anthu onse akuona, nakakhala pa mpando umene unali wopanda munthu pakati pa amuna.



Mkulu wina wa mpingo, mwamuna wathanzi wa zaka makumi asanu, anadzuka pa mpando wake nadza kwa iye.

"Mayi, mwasochera. Malo a amayi ali uko."

"Sindinasochere, bambo. M'mudzi muno ndinayamba kuyendamo inu musanamere mano."

"Koma mwambo sulola."

"Mwambowo ukandithyola chiuno, kodi udzabwera kudzanditembenuza pamphasa? Udzandisambitsa? Kapena mudzabwera ndinu?"

Mkuluyo anatsitsa mawu. "Mukutichititsa manyazi pamaso pa alendo. Mipandoyi ndi ya abambo."

"Ndakhalapo, ndipo mpandowu sunandifunse ngati ndili ndi ndevu," anatero Nagama. "Ine ndabwera kudzalira mnzanga. Mukafuna kundichotsa, ndinyamuleni ndi manja anu, koma samalani, chifukwa ndimasweka."

Palibe mwamuna amene analimba mtima kumukhudza. Nagama anaika ndodo pamiyendo, nakweza mawu kuyambitsa nyimbo imene malemuyo ankaikonda. Akazi anavomera, ochepa poyamba, kenaka onse.

Mkulu uja anatembenuka kuti abwerere pa malo ake. Anapeza kuti akazi awiri adzutsa nkhalamba ina yaikazi, imene inakhala pansi chiyambire m'mawa ikulira ndi ululu wa m'chiuno anthu n'kumayesa kuti ikulira maliro, ndipo aikhazika pa mpando wake. Nkhalambayo sinamuyang'ane n'komwe. Inali kuimba. Mkuluyo anaimirira mpaka mwambo wonse unatha, ndipo miyendo yake sinathyoke.

Tsono inu amene mukumva, yang'anani bwino pa maliro, kutchalitchi ndi pa misonkhano, muone kuti ndi amayi ati achikulire amene aleka kubwera. Musafulumire kunena kuti anyada. Ambiri akuopa mphasa, chifukwa akudziwa kuti kukhala pansi n'kosavuta koma kudzuka ndiyo nkhondo. Ndipo inu anzanga amene mafupa anu afooka, musadzitsekere m'nyumba, musapepesenso kwa aliyense chifukwa cha matenda amene simunawaitane. Pitani kuchipatala akakuoneni, ndipo pagulu pitani mukakhale pa mpando. Mwambo ukapindika pang'ono suthyoka, koma chiuno cha nkhalamba chikathyoka sichimva kupepesa.