Vavu Yomwe Yotamu Anaika

Kalekale, msewu wa phula usanafike kuno, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Yotamu. Anali mng'ono wawo wa agogo anga a Kefasi, bere limodzi. Mukaona nkhope yanga ikusintha, musadabwe. Nkhaniyi imandiwawa mpaka lero.

Yotamu anali waluso, zimenezo sindingam'mane. Achipatala cha mishoni atagula makina a ekisire, ojambula m'chifuwa mwa munthu, anasankha iyeyo kuti aziwayendetsa. Masiku amenewo amuna ankabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni akutsokomola. Mankhwala a chifuwa chachikulu anali ochepa, choncho dokotala ankafuna aone kaye chithunzi asanam'patse munthu. Makinawo anali okhawo dera lonse lino.

M'mimba mwa makinawo munali mababu agalasi, otalika ngati mkono, omwe ankawatcha mavavu. Ntchito yawo inali kuwongola magetsi amphamvu kuti aziyenda njira imodzi. Mmisiri amene anadzamanga makinawo, a Liwewe a ku Limbe, anam'khazika Yotamu pansi.

"Taona kawaya kali m'kati mwa vavuyi," anatero a Liwewe. "Ndi chitsulo chokhachokha, chosapaka kanthu. Kamafuna moto wambiri kuti kayake, koma kamapirira zaka. Alipo mavavu ena a kawaya kopaka ufa woyera. Amenewo amayaka msanga, koma ndi a magetsi ochepa. Ukawaika muno ufawo umasosoka, moto n'kulumpha. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

Anamva? Inu mukuti anamva?

Patapita zaka, vavu imodzi inayamba kutopa. Zithunzi zinkatuluka zotuwa, komabe dokotala ankatha kuziwerenga. A Liwewe anati yatsopano ili m'njira, pa sitima ya pamadzi. Anati poyembekezera azijambula odwala kwambiri okha, ndipo makinawo aziwapumitsa.

Nthawi yomweyo agogo anga a Kefasi anafika kuchokera ku Joni. Anapita ali chimunthu, anabwera nthiti zili pamtunda, akulavula magazi. Akazi awo, agogo a Nangondo, anawatengera kuchipatala pa ngolo. Dokotala atawamvetsera pamsana anati ajambulidwe.

Ndiye kunamveka kuti akuluakulu a mishoni ochokera kunja akubwera kudzayendera chipatala. Yotamu anasoketsa suti ya kaki. Koma mtima unkamuwawa ndi chinthu chimodzi: alendo adzaone zithunzi zotuwa, iye ataima pambali? Mosungira katundu munali wailesi yakale yotumizira mauthenga, ndipo m'kati mwake munali vavu yaikulu, yooneka ngati yomwe ija. Anaizula. Anaona ndi maso ake kuti kawaya kake ndi kopaka ufa. Anaiika m'thumba.

Agogo a Nangondo anam'peza pakhonde.

"Alamu, adokotala ati achimwene anu ajambulidwe. Ajambuleni lero."

"Mawa, mlamu."

"Makina akugwira lero. Mawa n'la chiyani?"

"Mawa kuli alendo. Achimwene ndidzawajambula pamaso pawo, chithunzi chowala bwino, osati zautsiutsi izi."

Mwamva? Mbale wake akulavula magazi, iye akum'sungira alendo ngati tambala wa pa Khirisimasi.

Kutacha, alendo anandanda m'chipinda. A Kefasi anawavula malaya, n'kuwaimika chifuwa chitagunda chitsulo chozizira, n'kuwauza kuti agwire mpweya. Yotamu anali ataika kale vavu yake, osafunsa munthu. Anakonza kolala, n'kutabwanya batani. Kunamveka kuthetheka ngati nsungwi pamoto. Utsi wakuda unatuluka, fungo la mafuta opsa n'kudzaza chipinda. Alendo anathawira panja. A Kefasi anatsala ataima pomwepo, akudikira kuti wina awauze kuti apume.

Sinapse vavu yokha. Moto utalumpha unatentha thiransifoma, mtima weniweni wa makinawo. A Liwewe atabwera anatsegula, napeza ufa woyera utayoyokera pansi pa galasi. Anam'funsa Yotamu kuti waikamo chiyani.

"Vavu ndi vavu," anatero Yotamu. "Jenereta ya chipatala ndi imene yalumphitsa magetsi."

Vavu yatsopano ija inafika mwezi usanathe, koma panalibe poiika. Makina anagona mvula yonse mpaka anthu kukolola. Dokotala anauza a Nangondo kuti atengere amuna awo kuchipatala chachikulu cha ku boma. Anakwera lole, mvula ikugwa. Pa mtsinje anapeza mlatho utakokoloka. A Kefasi anamwalira pamenepo, pamwamba pa matumba a chimanga, mutu uli pamiyendo ya akazi awo.

Ndipo anali iwo okha? Amuna angati anabwezedwa chaka chimenecho, osajambulidwa, n'kukapatsira ana awo chifuwa kunyumba? Palibe anawerenga.

Tsiku la maliro Yotamu anabwera atavala suti ija. Anafuna kugwira bokosi. A Nangondo anaimirira.

"Alamu, chotsani dzanja."

"Mlamu, ine ndinkafuna zabwino."

"Zabwino za yani? Ndinakupemphani lero, munandipatsa mawa. Nenani pano, anthu amve, kuti munalakwa. Mukatero gwirani."

Yotamu anayang'ana anthu, anayang'ana pansi.

"Inali jenereta," anatero.

Bokosi analinyamula ena. Yotamu anakalamba m'mudzi muno, ndipo ine ndinam'peza ali wamoyo. Mpaka mano kutha m'kamwa, ukam'funsa ankati jenereta.

N'chifukwa chake ife a pabanja pano tili ndi malamulo athu. Chinthu chimene anthu akudalira kuti akhale ndi moyo sitidzionetsera nacho. Wodziwa akati ichi sichipirira, sitiyesera pa thupi la munthu. Ndipo ukawononga, umanena ndi pakamwa pako dzuwa lisanalowe. Ena a inu mudzagwira makina oposa amenewo, ena mankhwala, ena mabasi odzaza anthu. Wodwala akadzaima pamaso panu, muthandizeni tsiku lomwelo, ndi zimene zilipo, ngakhale palibe wokuonererani.