Mapilisi a Mlamu

M'chipinda chosokeramo zovala momwe Amake Mapasa ankagwira ntchito munali zenera limodzi lokha, nalonso lotseguka theka. Chisiyireni kusamba, thupi linali litawaukira mayiwa. Akangoti aponde makina, kutentha kunkawakwera kuchokera pachifuwa mpaka kumaso, thukuta n'kumadonthera pansalu za eni. Tulo tinali titawathawa, mtima unkapsa ndi zazing'ono zomwe. Anali atatopa, kutopa kuja kosatha ndi kugona.

Mlamu wawo, amene ankadula nsalu patebulo la pakhomo, anali atadutsamo kale m'zimenezi, koma iye ankagwira ntchito akuyimba. Anawauza kuti dokotala anamupatsa mapilisi obwezeretsa mahomoni amene amachepa m'thupi mayi akasiya kusamba, ndipo anawalangiza kuti nawonso apite akawapime. Amake Mapasa anakana kwamtuwagalu. Akhale pamzere tsiku lonse madiresi a akwati akudikira, kenako azikafotokozera mwana wadzulodzuloli za m'thupi mwawo? Anangopempha kakatoni ka mapilisiwo kopanda kanthu, n'kukagula mapilisi omwewo kusitolo ya mankhwala.

"Matenda ndi amodzi, alamu. Chofunsiranso n'chiyani?"

Kunena zoona, mankhwalawo anagwira. Thukuta linaleka, tulo tinabwerera, moti chaka chinatha iwo akudzitama kuti anadzichiza okha. Kenako tsiku lina anaona magazi pachovala chamkati. Anachita manyazi ngati kamtsikana, n'kudziuza kuti thupi likungotsanzika. Koma mlendoyo sanatsanzike, ankangobwerabwera. Anabisa mpaka mwana wawo wamkazi, mmodzi wa mapasa aja, anazindikira pochapa, ndipo anawatengera kuchipatala mowakakamiza.

Dokotala anali mayi wachitsikana wa maso otopa. Anatembenuza kakatoni kaja, n'kufunsa amene anawalembera mankhwalawo. Atamva kuti anangotengera kwa mlamu wawo, anapumira m'mwamba.

"Alamu anuwo, chiberekero ali nacho?"

Amake Mapasa anapukusa mutu. Ndi iwo omwe anamudwazika mlamuyo zaka zapitazo, pamene ankamuchotsa chiberekero chifukwa cha zotupa. Dokotala anafotokoza modekha kuti mapilisiwo anali ndi homoni imodzi yokha, yoyenera mayi amene anachotsedwa chiberekero. Amene akadali nacho amamuwonjezera ina yochiteteza, apo ayi m'kati mwake mumakhuthala, nthawi zina mpaka kusanduka khansa. Atawapima anapeza kuti khansa inali isanayambe, koma inali pakhomo. Panalibe kuchitira mwina koma kuchichotsa.

Amake Mapasa atatuluka ku opaleshoni, mlamu uja anabwera kudzawazonda. Anakhala kumiyendo kwa bedi akulira, akudziimba mlandu chifukwa chopereka kakatoniko. Amake Mapasa anamuyang'ana n'kumutonthoza.

"Pukutani misozi, alamu. Inu munati ndipite, wokana ndinali ine. Taonani, tsopano tafanana. Mwina mapilisi anu aja ayamba kundiyenera."

Palibe anaseka, ngakhale eni nthabwalayo. Dokotala anali atawaletsa kuponda makina mpaka bala litapola, ndipo akwati anali atayamba kale kutenga nsalu zawo kupita nazo kwa atelala ena. Zinali zomvetsa chisoni kuti zonsezi likanazipewetsa funso limodzi, lomwe dokotala anafunsa asanawakhudze n'komwe. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa anadya phula.