Tsiku Limene a Wotchi Anakhoma Chitseko

Mphunzitsi wina wa masamu anafika m'dziko la eni ndi sutikesi yodzaza majekete komanso mtima woti akawaonetse anthu kaphunzitsidwe kenikeni. Majeketewo anachita nkhungu mwezi usanathe, pakuti kumeneko kumatentha koopsa ndipo chinyezi chimalowa paliponse. Choko chinkafewa m'manja, malaya ankamata pamsana belu loyamba lisanalire. Zonsezi anazipirira. Chimene chinamukanika ndi eni dzikowo, omwe iye ankawayesa alesi. Poti sankamaliza chiganizo osayang'ana wotchi ya pamkono, ana anamutcha a Wotchi.

Kuseri kwa sukuluyo kunkadutsa ngalande yaikulu yochokera kuphiri. Masiku ambiri munkangoyenda timadzi tolekeza m'kakolo, ndipo ana okhala kutsidya ankawoloka podumpha pamiyala. Mlatho unalipo, koma kutali kumunsi kwa tauni. Nchifukwa chake pasukulupo panali lamulo lodziwika kwa aliyense: phiri likada, ana akutsidya azinyamuka, ngakhale phunziro lili pakati. Mvula ikagwa kumtundako, madzi ankatsika mwadzidzidzi, pasukulupo dzuwa likuswa mtengo.

A Wotchi zimenezi zinkawanyansa. Tsiku lina m'chipinda cha aphunzitsi anadandaulira mayi wophunzitsa sayansi.

"Mayi, ana awa akutipusitsa. Kumwamba kuli mbee, iwo ati mvula. Kwathu mwana amadikira belu."

"Kwanu ndi kwanu, achimwene," anayankha mayiyo. "Kuno belu lathu ndi phirilo. Likada, atsegulireni azipita."

"Ndiye mayeso adzawalembera ndi phirilo?"

Mayiyo anangopitiriza kuchonga makope.

Tisawanamizire, a Wotchi sanali munthu wouma mtima. Ntchito ankaikonda, ndipo m'kalasi mwawo munali mtsikana wina wakutsidya amene ankamunyadira kwambiri. Anali wowonda, wamtali, anzake n'kumamutcha Kapensulo, koma pa masamu panalibe womugwira mwendo. A Wotchi anamubwereka buku lawo lomwe anachoka nalo kwawo, ndipo ankauza aliyense kuti mwana ameneyu adzafika patali. Vuto lawo linali limodzi, lomwe limagwira ophunzira ambiri: ankaganiza kuti chimene iwo sanachionepo, kulibe.

Mayeso atayandikira, masana ena akubwereza masamu ovuta, phiri linada. Ana akutsidya anayamba kulongedza. A Wotchi anasuzumira pazenera, naona dzuwa likuwala pabwalo. Anapita pakhomo, kukhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba.

"Aphunzitsi, phiri lada," anatero Kapensulo atakweza mkono. "Amayi amati tisamachedwe."

"Khala pansi, mwana wanga. Iwe ndiye ndikudalira. Timalize tsamba ili basi."

Mtsikanayo anakhala pansi, poti anali mwana waulemu. Kutali kunkamveka kugunda, koma a Wotchi anangokweza mawu. Ana ankalemba maso ali pazenera. Tsamba litatha, aphunzitsiwo anatsegula chitseko akumwetulira.

"Mwaona? Mvula yanu ija ili kuti?"

Ana akutsidya anatuluka mopanikizana. Onse anali liwiro la mtondo wadooka kulowera kungalande.

Anapeza miyala yamira kale, madzi ali ofiira, olekeza m'mawondo. Anyamata akuluakulu anagwirana manja n'kuwoloka. Kapensulo analowa pomalizira, manja onse awiri ali m'mwamba, atanyamula buku la aphunzitsi lija kuti lisanyowe. Anzake anamukuwira kuti alitaye agwire dzanja, koma iye anakana, ati ndi la eni. Ali pakati, madzi a kuphiri anatulukira pakona ndi mkokomo, atasenza zitsa ndi zinyalala. Ana amene anali kutsidya anangoona bukulo likuyandama.

Thupi lake analipeza m'mawa mwake, litakodwa pansi pa mlatho wa kumunsi uja.

Pasukulupo palibe anawakalipira a Wotchi, ndipo zimenezo ndizo zinawapweteka koposa. Akalowa m'chipinda cha aphunzitsi, nkhani zinkatha. M'kalasi ana ankakhala chete, mpando wa kutsogolo uli wopanda munthu. Ahedi anawaitana n'kuwauza mwaulemu kuti makolo sakufunanso kuwaona, choncho ayambe kulongedza.

Asananyamuke, anapempha mayi wa sayansi uja kuti awaperekeze kwa make mwanayo. Anazungulira pamlatho, thukuta lili kamukamu. Anapeza mayi wa mwanayo atakhala pakhonde, yunifomu ya mwana wake ili pamiyendo, yochapa ndi kusita bwino. A Wotchi anagwada pansi, misozi ili mbwembwembwe.

"Pepani, mayi. Pepani kwambiri. Ine ndine mlendo kuno, sindinkadziwa."

Mayiyo anawayang'ana osaphethira.

"Simunkadziwa? Mwana wanga sanakuuzeni?"

"Anandiuza, mayi."

"Nanga mayi mwabwera nawowa sanakuuzeni?"

A Wotchi anaweramitsa mutu.

"Mwana ameneyu ankakutamani tsiku lililonse," anapitiriza mayiyo. "Chakudya chinkazizira iye ali pa buku lanu lija. Tsopano mwandibweretsera pepani. Ndimuike pati pepani wanuyo, bambo? Ndimuveke yunifomu iyi mawa apite kusukulu?"

Anapinda yunifomuyo, nalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. A Wotchi anatsala chogwada pakhondepo mpaka mayi wa sayansi anawagwira paphewa kuti adzuke. Anabwerera kwawo ndi sutikesi yomwe ija, ndipo akuti sanagwirenso choko. Mawu amene akanapulumutsa mwana anawamva nthawi ilipo, nawakana. Awo amene anabwera nawo pambuyo pake analibenso ntchito. Akuluakulu sananame pamene anati pepani sapoletsa chilonda.