Dzimbiri Akana Kupambana pa Bawo

Panali munthu wina wokhoma zidebe, dzina lake Dzimbiri, amene chibadwire anali asanapambanepo pa bawo. Kusewera ankasewera tsiku lililonse, pansi pa mtengo wa mango wa pamsika, mpaka mwala umene ankakhalira unakumbika dzenje. Dzenjelo lilipobe, ndipo mvula ikagwa amayi amachapiramo mabulangete.

Womugonjetsa anali mmodzi yemweyo, mnzake Mkwapatira. Ameneyu akagwira nkhomo, dzanja silinkaoneka. Ankadya nkhomo za Dzimbiri mwaliwiro loti thabwa linkafuka utsi. Akatha ankaseka phwete lomveka mpaka ku Tete, anthu akumeneko n'kuyamba kuanula ufa poyesa mabingu.

"Amwene, manja anuwa ndi okhomera zidebe basi," ankatero. "Za bawo tisiyireni ife."

"Mawa mulira," ankayankha Dzimbiri. Mawa lakelo wolira ankakhala iye yemwe.

Tsono Mkwapatira anali mkamwini m'mudzimo. Mkazi wake atamwalira, akuchikazi anamusudzula monga mwa mwambo, namuuza kuti akakolola azipita kwawo. Kwawoko anachokako ali mnyamata, ndipo omudziwa onse anali atagona kale kumanda. Munda umene anauswa ndi manja ake unali wa eni. Phwete lija linatha. Pamtengo wa mango ankafika mwa apo ndi apo, kenaka anasiyiratu. Anthu ankati, "Ndi mwamuna uja, alimba."

Tsiku lina m'mawa anatulukira atameta ndevu, atavala malaya a kutchalitchi, nkhope ili phee. Zinamveka kuti njinga wapatsa mlamu wake, nkhuku wagawira oyandikana nawo. Anthu anati, "Mwaona, wachira."

Anakhala pa bawo ndi Dzimbiri. Dzimbiri anadya. Anadyanso. Mkwapatira ankangomwaza nkhomo ngati wodyetsa nkhunda, ndipo posakhalitsa mbali yake inali mbee. Dzimbiri wapambana. Msika wonse unaima. Ogulitsa tomato anaimba nthungululu, wachigayo anazimitsa injini kuti amve bwino, ngakhale mbuzi zinasiya kutafuna.

Mkwapatira anaolera nkhomo zonse m'kathumba kake kachikopa. Zinali za malemu bambo ake, ndipo kathumbako ngakhale ntchentche sinkaloledwa kuterapo. Anakaika m'manja mwa Dzimbiri.

"Tengani, amwene. Ine sindizifunanso. Munandisunga bwino."

Dzimbiri anali ataimirira kale kuti avine, mwendo umodzi uli m'mwamba. Anautsitsa. Anakumbukira njinga ija, anakumbukira nkhuku. Anayang'ana malaya a kutchalitchi pa tsiku losakhala la tchalitchi. 

"Kupambana kumeneku ndakukana," anatero.

Anthu anadandaula kuti munthuyu wapenga. Iye anagwira mnzake padzanja, napita naye kuseri kwa shedi yake, kumene kunali zidebe zokhazokha. Kumeneko anamufunsa.

"A Mkwapatira, ndiyankheni ngati mnzanu. Kodi mukuganiza zodzipha?"

Mkwapatira sanakane.

"Ndatopa, amwene. Ndilibe kolowera."

Ndipo analira. Misozi yake inadzaza chidebe chimene chinali pafupi, n'kusefukira. Dzimbiri sanamukalipire. Sananene kuti mwamuna salira, kapena kuti ena ali ndi mavuto oposa ake. Anangokhala pambali pake n'kumamvetsera za mkazi wake, za munda, za kwawo kopanda munthu, mpaka mthunzi wa shedi unatembenuka.

"Ine sindikusiyani nokha," anatero pamapeto pake. "Kwathu mphasa ilipo. Ndipo lero lomwe tipitira limodzi kuchipatala. Kuli anthu odziwa za mtima wolemedwa monga mmene ine ndidziwira zidebe."

Mkwapatira anapukuta m'maso, nayang'ana chidebe chija, chimene chinali chitayamba kudontha.

"Ndiye kuti sadziwa kanthu."

Atatero anaseka. Kanali kachiseko kakang'ono kwambiri, kosafika n'komwe pamtengo wa mango. Koma Dzimbiri anakamva, namukweza panjinga yake, ulendo wa kuchipatala.

Mkwapatira sanachire tsiku limodzi ayi. Masiku ena ankadzuka bwino, ena ankangokhala chete pakhonde. Dzimbiri ankamuperekeza kuchipatala tsiku lake likakwana. Mkazi wa Dzimbiri anamudulira mbali ya dimba lawo, anzake a kutchalitchi anamumangira kanyumba, mlamu uja anabweza njinga. Nkhuku zokha sizinabwerere, pakuti zinali zitadyedwa.

Mvula inagwa, chimanga chinacha. Tsiku lina Mkwapatira ananena yekha kuti, "Amwene, kathumba kanga kaja mwakaika kuti?"

Anakhala pansi pa mango. Dzanja lija linasowanso. Thabwa linafuka utsi woti a kumudzi wapafupi anathamanga ndi madzi. Dzimbiri asanakhazikike n'komwe pamwala wake, nkhomo zake zonse zinali zitadyedwa. Pamenepo phwete linaphulika, ku Tete anaanula ufa.

Dzimbiri ananyamula mwendo uja anautsitsa kalekale, navina. Anavina msika wonse, fumbi lake linatseka dzuwa, nkhuku zinalowa m'khola masana. Alendo ankafunsa kuti, "Bambowa apambana?"

"Ayi, agonja," ankayankha ogulitsa tomato, akuomba m'manja.

Tsono inu, mnzanu amene wakhala ali m'chisoni akayamba kugawa zinthu zimene sankalola munthu kukhudza, musafulumire kuthokoza. Mutengereni pambali, mumufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo. Kumamupatsa poyambira kulankhula. Mumvetsereni, musamusiye yekha, mupite naye kwa achipatala. Ndipo ngati wotopayo ndinu, uzani munthu lero. Alipo wina amene angakonde kugonja kwa inu moyo wake wonse kusiyana n'kupeza mwala wanu uli wopanda munthu.