Njuchi za m'Gitala

Kalekale, koma osati kale la makasu a mtengo ayi, kale la batire ndi sola, kumudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango ya nyama kunali mayi wovutika mwendo, Nasimango, ndi ana ake atatu. Lufeyo ndi Mzati anali akatswiri a mawaya. Mlongo wawo Ndaziona ndiye ankaimba gitala.

Lufeyo adapanga kabokosi kothyola mawu. Gitala ikadutsa m'menemo inkatuluka yosasa, ngati munthu wa chimfine.

Mzati, wosafuna kuchepa, adapanga kena komvera chala. Ukakhudza nsambo pang'ono, mawu ankatsika, ukakantha, ankafufuma. Adaikanso lamulo: "Gitala iziyamba kulowa mwanga, kenako mwa Lufeyo, kenako ku sipika. Mukasemphanitsa, achemwali, muotcha zinthu."

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, anyamatawo ali kumsika, Ndaziona adamva mapesi akuthyoka kuseri kwa nyumba. Posuzumira, mayo ine, njovu! Makutu tambasu, ikulunjika pomwe mayi ake ankakolola chimanga. Mayiwo adayesa kuthawa, mwendo udakana, adangokhala pansi.

Ndaziona adagwidwa ndi mantha. Chimene adachiona pafupi inali gitala basi. Adatola mawaya manja akunjenjemera, n'kungolowetsa paliponse pamene panali bowo, n'kukantha.

Mu sipika simudatuluke nyimbo. Mudatuluka kulira kwa njuchi, gulu lathunthu la njuchi, kukwera ndi kutsika motsata kunjenjemera kwa chala chake. Njovu idaima, paja njovu imaopa njuchi. Idapukusa mutu, kubwerera chafutambuyo, kenako liwiro la mtondo wadooka kulowa m'nkhalango. Timabokosi tonse tiwiri tidafuka utsi n'kuzima.

Ana atasonkhana, Nasimango adalankhula. "Njovu ikalawa munda imabweranso. Ndikudziwa kuti mukufuna kupita kutauni kukaimba. Awiri apite. Koma amene wandipulumutsa lero atsale nane, munda uno ukhale wake."

"Kusasa kuja ndi kwanga," adatero Lufeyo. "Popanda ine ikadangolira gitala wamba, njovu n'kuvina."

"Phokoso losasintha ndi la chigayo, ndipo njovu zidachizolowera," adayankha Mzati. "Chidaiopsa n'kukwera ndi kutsika kuja."

Ndaziona ankadziwa kuti palibe mwa alongo akewo amene adapangapo njuchi. Zidabadwa chifukwa iye adasemphanitsa mawaya. Adawaululira zimenezi, koma atamufunsa kuti waya uti adaulowetsa pati, misozi idalengeza. Sankakumbukira ngakhale pang'ono, ndipo timabokosi toyesera tinali titapsa.

Tsono inu mwamva nkhaniyi, chimanga chikadali m'munda ndipo njovu ikudziwa njira. Atsale ndani ndi mayiyu: wothyola mawu, womvera chala, kapena uja adalakwitsa ndipo sadziwa kulakwitsanso chimodzimodzi?