Mphira ya pa Chigubu

Panali munthu wina, dzina lake Likongwe, amene anabadwira m'mbali mwa nyanja ya m'chipululu. Musandifunse kuti ndi dziko liti, ingomverani. Nyanjayo inali yaikulu, tsidya lake losaoneka, ndipo bambo ake anali msodzi. Likongwe anachokako ali mnyamata kukafuna ntchito kutali, ndipo anakwatira komweko mkazi wofatsa, Nagama. Zaka makumi anayi zinatha osapondako kwawo.

Koma pakamwa, abale! Zaka zonsezo nkhani inali nyanja basi. Nagama akaphika nsomba, iye ankati, "Izi mukuti nsomba? Kwathu nsomba imodzi tinkanyamula anthu awiri." Nagama ankangoseka. "Nyanja yanuyo, bambo, ndidzaiona ine ndisanafe?" Iye n'kudziguguda pachifuwa: "Mudzaiona, mayi. Ndalumbira."

Atapuma pantchito ananyamuka onse awiri. Anayenda masiku atatu pa basi, lachinayi pa lole yokatenga mchere. Loleyo inawatsitsa pa mabwinja a linga lakalekale, lomangidwa ndi njerwa zadothi pamwamba pa chitunda. Amene analimanga palibe ankawadziwa ngakhale maina. Makoma anali atagumuka, mbuzi zikugona m'zipinda za asilikali. Pakati pa lingalo panali chitsime, ndipo chinali chomaliza m'dera lonselo.

Likongwe anakwera pakhoma pamene ankakwera ali mwana kuti aloze madzi. Dzanja linangotsala m'mwamba. Kutsogolo kunali mbee, chigwa cha mchere mpaka kumene maso amalekera.

Pachitsimepo panali mayi wina wokumba mchere, wa milomo yong'aluka ndi dzuwa, wosadziwa kunyengerera munthu. Atamva kumene alendowo akupita, anati, "Nyanja inathawa, bambo. Chaka chilichonse imasuntha. Kumene ili lero sindikudziwa, ine ndinaleka kuilondola."

"Mukuuza ine?" anatero Likongwe. "Mchombo wanga unakwiriridwa pansi pa chitunda chomwechi. Kuchoka pano kukafika padooko ndi ulendo wobwerako dzuwa lisanafike pamutu."

Mayiyo sanalimbane naye. M'mawa mwake anatenga chigubu chawo choyera, nachidzaza madzi, kenako anang'amba kachidutswa ka mphira ya tayala n'kumanga pakati penipeni pa chigubucho. "Kuno timatere," anatero. "Madzi a pamwamba pa mphira ndi opitira. A pansi pa mphira ndi obwerera. Akangofika pamphira, tembenukani. Kaya nyanja mukuiona, kaya mukumva fungo lake, tembenukani."

Nagama anawomba m'manja kuthokoza. Likongwe anangoti "Hm," n'kunyamula chigubu paphewa.

Anatsika chitunda n'kuyamba kuyenda. Pansi zigoba za nkhono zinali kuphwanyika ndi mapazi. Kunalibe mtengo, kunalibe mbalame. Dzuwa litakwera pang'ono anafika padooko lakale. Zikhomo zomangirapo mabwato zinali zikadali chiimire pamchenga wouma. Likongwe anagwira chimodzi n'kunena kuti, "Apa bambo anga ankamangirira bwato lawo." Nagama anamumvera chisoni, ndipo sanatchule za nsomba zonyamula anthu awiri zija.

Anapitirira. Apa ndi apo ankapeza mabwato atagona cham'mbali. Eni ake ankawakoka chaka ndi chaka kutsatira madzi, mpaka aliyense anatopera pake n'kulisiya pomwepo. Dzuwa la kumeneko limanamiza maso: patsogolo pamanyezimira ngati madzi, koma ukafikapo ndi mchere womwewo.

Dzuwa lili paliwombo anakhala pamthunzi wa bwato lina. Anamwa. Nagama anatsamira bwatolo, natseka maso. Likongwe anakweza chigubu kuchiyang'anitsa kudzuwa. Madzi anali pamphira ndendende.

Apa ndiye mutchere khutu, inu akumbuyoko. Munthuyu sanali chitsiru. Lamulo analimva, ndipo ankadziwa chifukwa chake. Koma anaganiza zobwerera kumudzi, anthu n'kumamufunsa kuti, "Nanga nyanja ija?" Anaganiza za Nagama akuseka kasekedwe kake kaja. Manyazi anamugwira. Ndiye anaika chala chachikulu pamphira, n'kuikankhira pansi. Zala ziwiri zokha.

Nagama atatsegula maso anafunsa, "Madzi afika pati, bambo?"

Iye anakweza chigubu. "Onani nokha. Akadali pamwamba pa mphira."

Ndipo sananame, mwamva? Madzi analidi pamwamba pa mphira. Chimene chimandipsetsa mtima ine n'chimenecho. Munthu anakonza bodza ndi chala kuti pakamwa pazilankhula zoona.

Anayendanso. Mphepo inayamba kuulutsa fumbi la mchere, lowawa m'maso, loumitsa kukhosi. Anamwanso. Madzi anafikanso pamphira, iye anaitsitsanso. Ulendo woyamba anayamba wazengereza. Wachiwiri sanazengereze n'komwe. Pofika wachitatu anachita akuyenda, osaima.

Dzuwa litapendeka, anaipeza nyanja. Inde, anaipeza! Matope akuda, onunkha ngati dzira lovunda, kenako timadzi tolekeza m'kakolo. Mopanda nsomba, mopanda bango. Likongwe anatunga ndi dzanja n'kulawa, ndipo analavula pomwepo. Mcherewo ngakhale mbuzi singayerekeze.

Nagama anaima nthawi yaitali akuyang'ana. Kenako anati, "Ndaiona, bambo. Zikomo. Tiyeni tizipita." Atatembenuka kuti amwe, m'chigubu munali madzi osadzaza makapu awiri, ndipo mphira inali pansi penipeni. Linga silinkaoneka n'komwe.

Tsiku lachiwiri, dzuwa lili pamutu, miyendo ya Nagama inakana. Likongwe anamubereka kumsana, nkhalamba kubereka nkhalamba inzake, mpaka anafika pa bwato lija anapumirapo dzulo lake. Anamugoneka pamthunzi. Anapendeketsa chigubu pakamwa pake, koma simunatuluke ngakhale dontho.

"Mayi," anatero Likongwe, "pali chimene ndinachita."

"Ndinakuonani," anayankha Nagama, mawu akutuluka movutikira. "Ulendo wachiwiri uja ndinakuonani. Ndinangoti, poti kwanu ndi kuno, mukudziwa chimene mukuchita."

Sanalankhulenso. Anamwalira pamthunzi wa bwato lomwelo, pamalo pamene madzi anafika pamphira koyamba. Akanatembenukira pamenepo dzulo lake, akanafika kulinga onse awiri, madzi n'kutsalako.

Anthu okumba mchere anamupeza Likongwe madzulo akukwawa, chigubu chikadali m'manja. Anamunyamula kupita naye kulinga, ena anapita kukatenga maliro. Atamumwetsa madzi n'kutsitsimuka, anayamba kudandaula pamaso pa anthu. Akuti nyanja yamupusitsa. Akuti dzuwa la chaka chimenecho linali loopsa. Akuti chigubu chinali chaching'ono.

Mayi wokumba mchere uja anatola chigubucho. Fumbi linali litamatirira thupi lonse la chigubu, koma paliponse pamene mphira inakhalapo panatsala mzere. Anawerenga mizereyo ndi chala, pang'onopang'ono, anthu onse akuona: umodzi, iwiri, itatu. Kenako analoza mzere wapamwamba.

"Ine ndinamanga apa, bambo," anatero. "Enawa anamanga ndani?"

Nagama anaikidwa kuseri kwa khoma la linga, kutali ndi abale ake, popanda ndi mmodzi yemwe wa kwawo womulira. Akuti Likongwe sanabwererenso kumudzi, ndipo mpaka imfa yake mawu akuti nyanja sanatulukenso pakamwa pake.

Tsono inu mwakhala apa, musapukuse mitu ngati nkhaniyi ndi ya kuchipululu kokha. Aliyense wa inu ali ndi mphira yake. Pali pamene munanena nokha, mutu uli bwinobwino, kuti, "Ndikafika apa ndibwerera." Wina ndi pa mowa, wina pa juga, wina pa mkwiyo, wina pa macheza aja mukuti ndi macheza chabe. Sindinaonepo munthu wodula mphira n'kuitaya tsiku limodzi. Ayi, timatsitsa zala ziwiri, n'kumauza a kunyumba kuti, "Onani nokha, zonse zili bwino." Pang'onopang'ono ndi mtolo, abale anga.

Ndipo inu amene mumaona mnzanu akutsitsa mphira n'kukhala chete poti ndi ulemu, ulemu umenewo unamusiya Nagama pansi pa bwato.

Chala chikamayabwa kuti mutsitsenso, cheukani kaye muone amene akukutsatirani. Madzi mukumwawo si anu nokha. Ndi ake obwerera.