Kompuresa ya Abwana Chikhwaza

Imvani izi, anzanga! Kompuresa yoziziritsa mpweya m'galimoto ya abwana Chikhwaza itapsa, abwanawo anakalipira dalaivala wawo, Jelasi, akazi awo ali pomwepo.

"Waiwononga ndiwe! Uikonze lero, apo ayi ntchito yatha."

Jelasi anavula chipewa. "Bwana, makaniko akuti imapsa galimoto ikamaima nthawi yaitali injini ikulira, mawindo ali otseka. Akufuna aone pomwe imaima chonchi. Ndikamuonetse kuseri kwa loji kuja mumandituma chimanga chootcha Lachisanu, inu n'kutsala ndi mlendo?"

Amayi anaika kapu ya tiyi pansi. "Mlendo wake uti?"

Abwana thukuta kamukamu. "Inali yakale kompuresayo! Isiye mwana wanga, mphepo ya pawindo ndi yabwino."

"Ntchito yako siikutha, Jelasi," anatero amayi. "Liza galimoto, ukandionetse ine."